Chaka cha 1833 ku Britain

Ndakhala ndikusinkhasinkha za chaka cha 1833, pamene nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa malamulo awiri amene amandikhudza mtima kwambiri. Loyamba linathetsa ukapolo m'madera ambiri olamulidwa ndi dzikolo, koma William Wilberforce, amene analimbana ndi ukapolo kwa zaka zoposa 40, anamwalira pa 29 Julayi, patatsala mwezi umodzi kuti mfumu ilivomereze. Chimene chimandiwawa n'chakuti chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni chinapita kwa eni akapolo, pamene akapolowo sanalandire kalikonse.

Lachiwiri linaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje, ndipo boma linasankha oyendera anayi okha kuti ayang'anire dziko lonse. Pa nthawiyo David Livingstone anali mnyamata wa zaka 20 m'fakitale ya ku Blantyre, ku Scotland, kumene anayamba ntchito ali ndi zaka 10, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, buku lake litatsamira pa makina opota ulusi. Atafika ku Nkhotakota mu 1861, anapeza malonda a akapolo akadali pachimake.