Gumbagumba ya agogo inandiyalutsa pamaso pa apongozi

Agogo anga aamuna atatisiya, abale anakanganirana malata, njinga ndi mbuzi, ine ndinangoloza chibokosi chomwe chinali pakona atachifunditsa nsalu yoluka, pamwamba atasanjikapo makapu ndi fulasiki. Palibe anakana. Azakhali anachita kuitana anyamata kuti andinyamulitse, ndipo nkhope yawo inkaoneka ngati munthu amene wapeza pomutaya galu wachiwewe. Ine osadabwa olo pang'ono.

Chinthucho chinali gumbagumba yeniyeni, ija ya miyendo inayi yotalika ngati bokosi la maliro a mwana wa sukulu, wayilesi mbali ino, choimbira mbale mbali inayo. Agogo ankaphika kwa mzungu wina ku Bulawayo. Anzawo pobwerera kumudzi ankatenga ma Supersonic opangidwa konko, koma iwo anagula Grundig ya ku Germany kwa bwana wawoyo ndipo anabwera nayo pa sitima kudzera ku Dondo mpaka pa Limbe. Inalira zaka zambiri ali ku Soche, koma atabwerera kwathu ku Chiradzulu kopanda magetsi inangosanduka tebulo. Zaka zoposa 30 ili duu.

Kuifikitsa ku Chilobwe inali nkhondo payokha, kondakitala anandilipiritsa mipando itatu. Madamu atayiona anangofunsa funso limodzi, "Bambo a Tadala, chimenechi chigona pati?" Ndinati pasitingirumu. Anati ndiye inunso mugona pompo.

Nditatsegula kumbuyo ndinapeza mudzi wathunthu. Zisa za makoswe, zikhokho za mtedza, mphemvu zakufa kalekale, nyumba za mavu ziwiri, komanso khadi la chipani la agogo. Pamutu pa kamkono konyamula singano anamatirirapo sheleni ya 1964, ija ya zimanga, kuti singano isamadumphe. Mavalavu onse analipo, timabotolo tagalasi tija timayaka mofiirira wayilesi ikatentha. Kutsogolo kuli mabatani oyera ngati mano a piyano ndi galasi lolembedwa mayina a mizinda ya ku Ulaya yomwe agogo sanapondeko.

Ndinaonera mavidiyo atatu pa YouTube, bandulo nkutha, ndipo ndinadzimva kuti ndine injiniya. Komabe ndinapita kwa madala ena okonza mawayilesi mumsika, aja amakhala pakati pa mulu wa ma TV akufa, magalasi atamanga ndi labala. Nditawaonetsa zithunzi anachita kuvula chipewa.

"Mwanawe, chimenechi usachilowetse kumagetsi."

Anafotokoza kuti makapasita akale, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwa wayilesi, amauma akakhala zaka osagwira ntchito, ndiye ukangoyatsa amakoka moto wambiri nkuwotcha zinzake. Anati tiyambe tasintha amenewo, kenako poyatsa koyamba tidutsitse magetsi mu babu lakale lija la waya mkati, babu likawala kwambiri ndiye kuti muli shoti, uzimitse msanga. Anatchulanso kachitsulo kena kaphwatalala kotchedwa selenium rectifier, kosandutsa magetsi a pakhoma kukhala oyenera mavalavu, akuti kameneko kakapsa udzadziwa wekha. Ndinafunsa kuti ndidzadziwa bwanji, iwo anangoseka. Mtengo anatchula K45,000.

Ine mumtima ndinati madalawa akufuna andidye. Ndalamayo ndinakagula sandipepa, vanishi ndi nsalu yatsopano ya pa sipika. Masabata awiri ndikupala, kupaka, kupalanso. Girizi wa mu choimbira mbale anali atauma gwa ngati chikonga cha dzana, ndinamukokota ndi mswachi wa madamu (sakudziwa mpaka lero) nkuthira mafuta a makina osokera. Kagudumu ka labala kozunguza mbale kanali katauma, ndinakapala pang'ono kuti kazigwira. Singano ndinachita kuitanitsa kwa mlamu wanga ku Joni. Kunena zoona chinthu chinawala, ukanatha kumetera ndevu pa chitseko chake. Ndinayesa kuyatsa kamodzi kwa masekondi mwina 10, kadiso kobiriwira ka kutsogolo kwa wayilesi kanayamba kuyaka, ine thii kuzimitsa, basi ndinati yatheka. Ndinafuna kulira kwake koyamba kukhale pa anthu.

Anthu ake anali apongozi. Anabwera kuchokera ku Ntcheu Loweruka lina, onse awiri, limodzi ndi a mfumu a mpingo wawo omwe anawapatsa lifiti. Apongozi anga aamuna ndi munthu woti chikwatirireni mwana wawo sanandisekerepo, amandiitana kuti "akamwini" ndi mawu omwe ena amatchulira matenda. Koma nyimbo za simanjemanje amazikonda, ndipo mbale za 45 za agogo zinalipo zokwana.

Tinadya kaye. Apa ndiyenera kunena, chifukwa nkofunika pa mlanduwu, kuti ndiwo zinali nyemba, kabichi ndi mazira owiritsa.

Titasamba m'manja ndinavundukula nsalu ngati nduna ikutsegula mjigo. Apongozi aamuna anadzuka, anaisisita, anati "Iyi ndi yeniyeni." Aka kanali koyamba kumva mawu abwino kuchokera pakamwa pawo. Ndinadina batani. Wayilesi ya mavalavu siyankha pompo, imayamba yatentha kaye, ndiye tonse tinali zii kudikira. Kenako kunamveka kung'ung'udza, hmmmm, ngati njuchi zili mu mtsuko. Madala aja anandiuza kuti kulira kotero ndi kapasita yakufa, koma ine ndinauza alendo kuti ndi mphamvu imeneyo, za ku Germany zimatero.

Ndinaika mbale. Ndi manjenje ndinasiya liwiro pa 33 pomwe mbale inali ya 45, azimayi oimba aja anatuluka ndi mawu a madoda ataledzera pa maliro. Ndinakankha kachitsulo mwachangu, kanapitirira mpaka pa 78, anasanduka anapiye. Kachitatu ndinalasa. Nyimbo inalira, abale inu, besi yake yonona, makapu mu kabati kunjenjemera. Apongozi anayamba kugwedeza phazi. A mfumu a mpingo anatseka maso.

Ndiyeno fungo linafika.

Silinabwere ndi utsi kapena phokoso ayi, linangolowa mwakachetechete ngati mfiti. Mazira owola osakaniza ndi kabichi wa masiku anayi. Ine ndinayang'ana pansi. Madamu anayang'ana ine. Apongozi aakazi anakokera chitenje kumphuno mwaulemu uku akuyang'ana kudenga. Apongozi aamuna phazi lija linaima, anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana akazi awo. A mfumu a mpingo anatsokomola nkuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli uthenga.

Tangoganizani. Mkamwini sungafunse apongozi kuti kodi ndinu. Sungatsegule windo, chifukwa kutsegula windo ndiye kuti waloza munthu. Kutuluka panja ndiye kuvomera mlandu. Ndiye tonse tinangokhala, akuluakulu asanu, nyimbo ikulira, misozi ikulengeza, aliyense akuweruza mnzake mumtima.

Madamu ndi amene anapeza njira ya makolo. "Tadala! Tapita panja, wopanda ulemu iwe!" Mwana wa zaka 6 anakuwa kuti si ine amama, ndikulumbira si ine, koma anamutulutsa ndithu. Tonse tinapuma ngati nkhani yatha.

Fungo linawonjezeka.

Apa apongozi aamuna analephera kupirira. Anati, osayang'ana munthu, "Amene sakupeza bwino m'mimba asachite manyazi, tonse ndife anthu." A mfumu a mpingo anayankha mwamsangamsanga kuti iwo mazira sanadye nkomwe, apongozi aakazi nkuti anadya awiri, anawaona. Zinali zitayamba kuipa ndithu pamene nyimbo inayamba kufooka, kadiso kobiriwira kanazilala, kenako phuu! kautsi kakutuwa kutulukira kumbuyo. Ndinadumpha kukazula pulagi, ndinakwapula tebulo ndi bondo, mbale ya nyemba zotsala inakathera pa nsapato za a mfumu.

Tinamalizira kucheza pansi pa mtengo wa mapeyala, mawindo onse ali pululu. Potsanzikana apongozi aamuna anandikokera pambali nkunong'ona, "Akamwini, ine mtima unali pa mayi anuwa." Anaseka mpaka kugwira galimoto. Zaka 9 ndikudikira kuti adzandisekere.

Lolemba ndinabwerera kumsika, zam'kati mwa wayilesi ndili nazo mu katoni. Madala aja sanatsegule nkomwe, anangonunkhiza, nkuti "Wadziwa tsopano?" Anati kapasita inachita shoti nkuwotcha ka selenium kaja, ndipo utsi wake ndi poizoni, tinachita mwayi kuti transifoma sinapse. Mtengo unali utakwera kufika K70,000, ina akuti ya kusamva.

Pano ikulira bwinobwino. Tadala anandilipiritsa Fanta ndi tchipisi masabata atatu, ndipo mpaka lero ndikangoyandikira batani amathamanga kukaima pakhomo nkukuwa kuti aliyense aone, iye ali panja.