Kabureta imanamiziridwa milandu yambiri: zimene ndikuphunzira pa CG125 yakale

Njinga yamoto yakale ikayamba kuzimazima panjira, mwini wake amafika pagalaja mlandu atagamula kale: kabureta yatha, tigule ina. Chiyambireni kuphunzira umakaniko wa njinga zamoto, ndaona kuti nthawi zambiri kaburetayo, imene ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini, imakhala ilibe chifukwa. Mwina petulo sakufikako, kapena akufika ndi madzi ndi dzimbiri.

Tikuphunzirira pa Honda CG125. Honda inatulutsa njinga imeneyi mu 1975, ndipo inaipanga ndi cholinga choti izipirira m'maiko amene anthu sapita nayo kusevisi pafupipafupi. Makampani ambiri a ku China anatengera injini yakeyi, moti ukaidziwa bwino, njinga zambiri za kabaza sizikuvutanso kuzimvetsa. Ilibe pampu ya mafuta. Thanki ili pamwamba, kabureta ili m'munsi, petulo amatsika yekha kudzera pakampopi ndi payipi. Madala amene akutiphunzitsa, amene anakulira pa ma Yamaha AG ndi DT a alangizi a zaulimi, salola munthu kugwira sikuludiraiva msanga. Amati, "Mphwanga, petuloyo wamuona ndi maso ako akuyenda? Ngati sunamuone, kabureta isiye kaye."

Choncho timayambira pamwamba penipeni, pachivindikiro cha thanki, ndipo apa ndi pamene pandidabwitsa kwambiri. Chivindikirocho chili ndi kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya. Petulo akamatsika, mpweya uyenera kulowa kuti utenge malo ake. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi kapena dzimbiri, petulo amayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, monga mmene madzi amavutira kutuluka m'chigubu chozondotsa chimene chilibe polowera mpweya. Njinga yotere imalira bwino m'mawa, imayenda kamtunda ndithu, kenako imayamba kutsamwa ngati mafuta atha, n'kuzima. Ukadikira pang'ono imaliranso, n'kukazimanso kutsogolo. Kuyesa kwake sikulira ndalama. Ikangozima, tsegula chivindikiro khutu lili pafupi. Ukamva kamphepo kakulowa kuti psii, ndipo njinga n'kulira nthawi yomweyo, vuto walipeza. Pali ena amene amaika pepala la pulasitiki kunsi kwa chivindikiro kuti petulo asamatayike m'misewu ya mabampu, osadziwa kuti atseka pamene thanki imapumira.

Tikatsika timafika pakampopi, kamene kali ndi ON (kutsegula), OFF (kutseka) ndi RES (petulo wosungira). M'kati mwa thanki, ON amatunga petulo kudzera pakapayipi kotalikirapo, pamene RES amatunga pansi penipeni. Pansipo ndi pamene pamakhazikika madzi, dzimbiri ndi mchenga. Anyamata ambiri a kabaza amathira lita imodzi kapena awiri basi, ndiye njinga imakhalira pa RES tsiku lonse, kumakoka zinyalala zonse za pansi. Thanki yokhala ndi petulo wochepa nthawi zonse imachitanso thukuta m'kati usiku kukazizira, ndipo dzimbiri limayambira pamenepo.

Apa timazula payipi kumbali ya kabureta, n'kuilozetsa m'botolo loonekera m'kati, kenako n'kutsegula kampopi. Petulo ayenera kutuluka mosadukiza, osati modontha. Botololo timaliika pansi kaye. Ngati muli madzi, amaoneka pansi ngati timibulu toyera tosasakanikirana ndi petulo, ndipo dzimbiri limakhala ngati ufa wofiirira. Kunsi kwa kampopi kuli kakapu kotchera zinyalala ndi kasefa, zimene eni njinga ambiri sadziwa n'komwe kuti zilipo. Tinamasula kakapu ka njinga yathuyi n'kupeza matope ofiira atauma mpaka pakati. Ntchito imeneyi imachitikira panja, kutali ndi mbaula, ndipo wosuta aliyense madala amamuthamangitsa kaye.

Nkhani ya madzi ili ndi mbali ina kuno kwathu. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo izi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amayamwa chinyezi cha mumpweya. Panjinga yoyenda tsiku ndi tsiku izi sizivuta kwenikweni, koma imene yaimikidwa miyezi ingapo petulo ali momwemo imadzapezeka ndi madzi pansi pa thanki ndi zonandananda zobiriwira m'kabureta. Labala wakale nayenso amauma n'kumasweka, tizidutswa take n'kumayenda ndi petulo. Onjezanipo petulo wa m'zigubu amene timagula pamsewu mafuta akasowa, amene sudziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani kale.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene timafika pakabureta, komabe osaimasula. Pansi pake pali kabawuti kokhetsera petulo. Ukakamasula kampopi kali kotsegula, petulo azituluka osasiya. Akatuluka pang'ono n'kusiya, ndiye kuti kasingano ka float kamatirira. Float ndi kachinthu koyandama m'kambale ka kabureta: petulo akadzaza kamakwera n'kutseka polowera, akachepa kamatsika n'kutsegula. Vuto likakhala la mbali inayo, kuti kasinganoko katha kapena float yabooka n'kumira, umaona petulo akuchucha pansi njinga itaima.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kufunsa wokwerayo kuti njinga imavuta dzanja lopotokola moto lili pati. Kabureta ili ndi njira zingapo za petulo, zodzera m'timabawuti ta mabowo totchedwa ma jet, ndipo iliyonse ili ndi gawo lake. Njinga ikamalira yokha itaima, mpaka pamene wangopotokola moto pang'ono, ikudya kudzera pa pilot jet, imene kabowo kake n'kakang'ono kwambiri moti ndiyo imayamba kutsekeka. Moto wa pakati umayendetsedwa ndi singano yaitali ya m'kati mwa slide, kachitsulo kamene kamakwera ukamapotokola moto. Ukapotokola mpaka kumapeto, ntchito yatsala ndi main jet. Ndiye munthu akanena kuti njinga imalira pokhapokha choke (chochepetsera mpweya poliza injini yozizira) ili yotseka, ukaitsegula imazima, maganizo amathamangira ku pilot jet. Akanena kuti m'tauni imayenda bwino koma pachitunda imafooka n'kumadukiza, timaganizira main jet, kapena petulo amene sakudzaza kambale msanga. Funso limodzi lokhali limachepetsa ntchito ndi theka.

Potsuka ma jet madala amakalipa kwambiri. Ma jet ndi a mkuwa, chitsulo chofewa, ndipo ukawatokosa ndi singano yosokera kapena waya wa buleki, kabowo kamakula. Njinga imalira ndithu, mwini wake n'kupita akusangalala, koma kuyambira tsiku limenelo imamwa petulo mopitirira ndipo pulagi imada msanga. Ife timawaviika m'mankhwala otsukira kabureta, kuwapopera mpweya, n'kuwayang'anitsa kudzuwa kuti tione ngati kuwala kukudutsa mozungulira bwino. Zikakanika, timagwiritsa ntchito kaulusi kamodzi ka waya wofewa wamagetsi, mosamala.

Pali zinanso zimene zimaoneka ngati vuto la petulo pamene ndi la mpweya. Injini imafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Labala wolumikiza kabureta ndi injini akang'ambika, mpweya wakuba umalowa, njinga n'kumalira mokwera yokha, kapena kuchedwa kutsitsa moto ukasiya kupotokola. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi, ngati mmene zimakhalira mu Okutobala, zimatembenuka: petulo amachuluka, utsi umada. Pulagi imaulula zonsezi. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wachuluka, yoyera mbuu ikunena kuti wachepa ndipo injini ikutentha, yofiirira ndiyo yabwino. Koyilo, imene imapereka magetsi ku pulagi, ikatopa nayonso imapusitsa, chifukwa imasiya kugwira ntchito ikatentha n'kuyambanso ikazizira, chimodzimodzi ndi thanki yosapuma. Kuti usiyanitse, njinga ikangozima uone ngati pulagi ikuthetheka moto ndiponso ngati m'kambale muli petulo, zonse ziwiri nthawi yomweyo injini isanazizire.

Pamene ndikusiyana maganizo pang'ono ndi anzanga ndi pa kasefa koika pakati pa payipi. Ambiri amakaika panjinga iliyonse ya thanki yadzimbiri n'kuti ntchito yatha. Kamathandiza, makamaka koonekera m'kati, chifukwa zinyalala umaziona zikamasonkhana. Koma sefa ya galimoto, yopangidwira petulo wokankhidwa ndi pampu, imatha kuchedwetsa petulo wotsika yekha, ndipo payipi ikatalika n'kupindikira m'mwamba, mpweya umatsekeredwa pakona, njinga n'kuyambiranso kufooka pachitunda. Ndipo thankiyo imakhala ikadali ndi dzimbiri lake. Ine ndikuona kuti ndi bwino kuitsitsa, kuponyamo timanati ndi parafini pang'ono, kuikhutchumula mpaka dzimbiri litayoyoka, kuitsukuluza n'kuiumitsa bwino, kenako m'pamene kasefa kaikidwe, pa payipi yaifupi yotsika molunjika. Sabata ikubwerayi tikuyamba kuyeza msinkhu wa float, ndipo madala atiuza kale kuti aliyense abwere ndi rula yake ya mamilimita.