Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Pakhonde pa aphungu

Mlungu watha ndinalekezera pamene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, ine nditakhoza ndithu koma mapointi osakwana a ku yunivesite. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti zitsulo ndinakumana nazo bwanji, popeza kumtundu kwathu kunalibe ndi mmodzi yemwe wowotcherera. Kuti ndiyankhe bwino ndiyenera kukutengerani pakhonde pa aphungu a dera lathu, m'chaka cha 2006.

Nditamaliza sukulu ndinakhala pamudzi ku Dedza zaka ziwiri, kulima mbatata ya kachewere ndi mayi anga. Bambo anali atatisiya kale. Khasu sindinkadana nalo ayi, koma kwathu munda ndi wa ana aakazi, ndipo azichemwali anga alipo atatu. Ine mwamuna ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakalima kuchikamwini, m'munda wa eni.

Chaka chimenecho ngolo ya malume anga inathyoka chitsulo chogwira mateyala, itasenza mbatata. Dera lonse lathu linalibe munthu woti n'kuchilumikiza. Tinachimangirira panjinga, kuchikankha mpaka kumsewu wa phula, kukwera nacho matola mpaka ku boma. Tinataya masiku atatu, mbatata ikufota pansi pa mtengo. Mmisiri amene tinam'peza kumeneko anachilumikiza ine ndisanamalize kudya chimanga chootcha chimene ndinagula, n'kulandira ndalama imene ine ndinkaipeza ndikalima ganyu mlungu wathunthu. Pobwerera ndinawauza malume kuti ntchito imeneyi ndiyo ndikufuna.

Ndinalembera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999. Masiku amenewo sukulu zikuluzikulu za ntchitozi zinali zowerengeka ndi zala: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Dziko lonse lino, achinyamata onse omaliza Fomu 4 chaka ndi chaka, n'kumalimbirana timalo timeneto. Dzina langa silinatuluke. Koma sukulu ina mwa zimenezi inandiyankha kuti malo alipo a odzilipirira okha. Kalata imeneyo ndinaiika m'pepala la pulasitiki la shuga n'kuibisa m'Baibulo la mayi. Ndalama yake inali yoposa zonse zimene tinapata pa mbatata chaka chimenecho.

Tsono kumayambiriro kwa Seputembala, madzulo ena titakhala pabwalo, wailesi ya malume inalengeza kuti dziko la Malawi lakhululukidwa ngongole. IMF ndi World Bank anali atavomereza kuti takwaniritsa zonse zimene anatiuza pansi pa ndondomeko ya HIPC, yochepetsera ngongole za mayiko osauka, ndipo gawo lalikulu kwambiri la ngongole yathu yakunja, imene inali pafupifupi madola 3 biliyoni, lifafanizidwa. Pulezidenti anali Bingu wa Mutharika, nduna ya zachuma Goodall Gondwe. Inali nyengo ya chiyembekezo: makuponi a feteleza anali atangoyamba, m'nkhokwe munali chimanga pambuyo pa njala ija ya 2005. Pawailesipo ankafotokoza kuti ndalama zimene zinkapita kobweza ngongole tsopano zizipita ku sukulu, ku zipatala ndi ku misewu.

Malume anatsitsa wailesi n'kunditembenukira.

"Wamva, mphwanga? Ndalama zilipo tsopano. Ndiponso akuti aphungu apatsidwa thumba la chitukuko cha m'dera. Loweruka uchape malaya, tikawaone."

Thumba limenelo ndi CDF, ndipo linali litangokhazikitsidwa chaka chomwecho.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, poganiza kuti tikhala oyamba. Tinapeza khonde litadzaza kale. Panali mayi wina amene mwamuna wake anamwalira usiku ku chipatala cha boma, ankafuna galimoto ndi bokosi. Panali a nyakwawa awiri ndi nduna zawo. Panali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale ina imene denga lake linasasuka ndi mphepo, anyamata a timu ya mpira ofuna yunifolomu, ndi gogo wina amene sanayankhule ndi munthu aliyense, anangogwira chikalata cha kuchipatala m'manja. Tinakhala pansi, malume atavula chipewa. Dzuwa linakwera mpaka kufika pamutu.

Aphungu aja sinditchula dzina lawo, ndipo musandifunse m'makomenti. Anatuluka atavala masilipasi, maso ofiira ngati munthu amene sanagone. Anayamba ndi maliro, monga mwa mwambo. Ife anatifika cha m'ma 2 koloko.

Malume anayamba ndi kupepesa chifukwa chowasokoneza, anafotokoza mtundu wathu, mudzi wathu, imfa ya bambo. Kenako ndinagwada n'kupereka kalata ija ndi manja awiri. Anaiwerenga yonse mpaka pansi, zimene mpaka lero ndimawalemekeza nazo.

"Kuwotcherera," anatero. "Wasankha bwino, mwana wanga. Koma sindikunamiza, sindikwanitsa."

Malume anati, "Olemekezeka, ife tinamva pawailesi kuti ngongole yakhululukidwa."

Aphungu anapumira m'mwamba. "Bambo, munthu akakukhululukirani ngongole sakupatsani ndalama m'manja. Wangosiya kukulondani pakhomo. Ndalamazo tiziona pang'onopang'ono mu bajeti, ndipo ofuna kugawana ndi dziko lonse. Za thumba la chitukukozi, ndi kandalama kochepa, kamadzera ku khonsolo, ndipo mafumu ndi makomiti a chitukuko agwirizana kale kuti tiyambe ndi mlatho. Mukuudziwa mtsinje umene ndikunena."

Tinkaudziwa. Dzinja lililonse ana a tsidya lina ankajomba kusukulu milungu ingapo, ndipo chaka chapitacho mayi wina woyembekezera anachirira pagombe, anthu atalephera kumuwolotsa pa machira.

"Mlatho uwolotsa anthu onse," anapitiriza. "Ndikakulipirira iwe, Loweruka likubwerali pakhonde pano padzadza anyamata ndi makalata awo, ndipo aliyense adzakhala ndi chifukwa chomveka ngati chakochi. Ndidzasankha ndani, ndidzasiya ndani?"

Anapisa m'thumba n'kundipatsa K500 ya thiransipoti. Nthawi imeneyo inali ndalama yapepala yaikulu kuposa zonse.

Panjira ndinalira, ndisabise. Ndinali ndi zaka 21, ndipo ndinkaona ngati chitseko chokhacho chimene ndinali nacho chatsekedwa pamaso panga. Ndinayankhula mawu oipa okhudza aphungu aja. Malume anandisiya ndithe zonse, kenako anangoti, "Munthu uja sanakunamize. Akanatha kukuuza kuti ubwere mawa, n'kumakuyendetsa mpaka nsapato zitatha."

Papita zaka zambiri ndikuisinkhasinkha nkhani ya pakhonde paja. Mlatho unali wofunika, sindingatsutse. Chimene chimandiwawa ndi china, ndipo ndinachiona ndi maso ntchito itayamba mu 2007, mvula itasiya.

Kontilakitala anachokera mumzinda. Amisiri omanga anachokera mumzinda. Wopinda zitsulo, wokhoma matabwa othiramo konkire, wowotcherera zitsulo zogwirira za m'mbali, onse anabwera pa lole imodzi. Ife eni dera, anyamata oposa 30, ena a satifiketi ya MSCE ngati ine, ntchito yathu inali kututa mchenga, kuswa miyala ndi kutunga madzi. Ndalama yeniyeni ya mlatho wathu inakwera lole yomweyo n'kubwerera mumzinda. Kwa ife kunatsala ya ganyu. Ndipo sindikuwada amisiri aja, pakuti kontilakitala akanafuna kulemba munthu wa kwathu akanam'peza kuti? Panalibe.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi aphungu ambiri, akale ndi atsopano omwe. Mlatho umaoneka. Mjigo umaoneka, amaulemba dzina, amadula riboni, amajambulitsa. Luso limene lalowa m'manja mwa mnyamata silioneka pa chithunzi, ndipo phindu lake limadza chisankho chitadutsa kale. Ifenso ovota tili ndi mbali yathu: phungu timamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi zimene wamanga, osati ndi ana angati a m'dera amene atha kudziimira paokha. Ndiye iye amachita zimene ife timawerenga.

Wowotcherera wa pa mlatho uja anali bambo wachikulire, wa imvi, wosakonda zoyankhulayankhula. Ntchito anaiphunzira ku Nasawa nthawi ya a Payoniya, gululo lisanathetsedwe mu 1993. Tsiku lina mnyamata wake anadwala malungo, ndipo anafuna munthu womugwirira paipi. Ndinataya wilibala n'kuthamanga.

"Usayang'ane motowu," anandichenjeza. "Tembenukira uko, ugwire zolimba."

Ndinagwira masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinamufunsa chifukwa chimene ankayamba wadontheza timfundo ting'onoting'ono m'mbali asanawotcherere mzere wonse. Anavula chigoba chakumaso n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Chitsulo chikatentha chimakoka. Ukapanda kuchimanga kaye chimapindika. Wafunsiranji?"

Ndinathamangira kunyumba kukatenga kalata ija ya m'Baibulo. Anaiwerenga, anaipinda bwinobwino, anandibwezera. "Sukulu sindingakulipirire. Koma ndili ndi shedi ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe. Malipiro palibe, nsima ilipo, ugona m'shedi momwemo. Ukalimba zaka ziwiri ndidzakulembetsa mayeso a Trade Test. Kawauze akwanu."

Mwa anyamata aja tinkatuta mchenga, ndine ndekha amene ndinapeza mwayi wotere, ndipo ndinaupeza chifukwa mwana wa munthu wina anadwala malungo. Ambiri mwa anzangawo anapita ku Joni. Awiri anabwerako m'mabokosi. Ena alipo pamudzi, akupalasa kabaza pa mlatho womwewo. Anali anzeru ngati ine, ena kundiposa.

Za ngongole ija, mukudziwa nokha kumene tafika. Imene inafafanizidwa mu 2006 inabwerera, ndipo yabwera ndi inzake ya m'dziko momwemuno. Mu bajeti ya 2025/26, ya ndalama zoposa K8 thililiyoni, zoposa K2 thililiyoni zinali za chiwongoladzanja chokha, osati kubweza ngongole yeniyeniyo. Ine sindinaphunzire zachuma, koma ngongole ya dziko ndimakumana nayo m'shedi mwanga. Ma rod (tindodo tachitsulo towotcherera), madisiki a galayindala, mapaipi, zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinali nditalandira kale ndalama ya mageti awiri pa mtengo wakale, ndipo ndinawamaliza ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Nditapita kubanki ina kukafunsa ngongole yogulira makina achiwiri kuti ndizitenga ophunzira ambiri, chiwongoladzanja chimene ananditchulira chinandibweza pakhomo. Mabanki ali ndi kasitomala wamkulu amene amabwereka tsiku ndi tsiku, ndiye boma, tsono wa shedi ngati ine amufuniranji?

Sindikunena kuti palibe chimene chachitika. Mu 2015 boma la Peter Mutharika linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo mmodzi mwa anyamata amene ndikugwira nawo ntchito lero anadzera ku koleji yotere. Anabwera akudziwa kuwerenga pulani, chinthu chimene ine chinanditengera zaka. CDF nayo inakula, inafika K100 miliyoni mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Pa misonkhano ya kampeni ya 2025 kwathu ndinaimirira kawiri konse kufunsa ofuna mpando funso limodzi: pa ndalama zimenezi, ndi zingati zimene zidzaphunzitse ana a dera lino ntchito, kuti mlatho wotsatira adzamange okha? Onse anayankha bwino. Ndikudikira kuona.

Koma ndathamangira kutsogolo. Tibwerere ku 2007.

Mayi anandiphikira mbatata, anandikazingira chimanga, n'kundipatsa bulangeti limene bambo ankafunda. Malume anandiperekeza mpaka kumsewu. K500 ya aphungu ija ndinali ndisanaidye, miyezi yonseyo inali m'Baibulo pamodzi ndi kalata, ndipo ndi imene ndinakwerera minibasi ya ku Lilongwe.

Ku Mchesi ndinafika madzulo, phokoso la macheka ndi nyundo lili mbali zonse, mipando, mabedi ndi mafelemu a mawindo zitandandalikidwa m'mphepete mwa msewu. Mawa lake bambo aja anandipatsa zidutswa ziwiri za chitsulo n'kundiuza kuti ndiyesere. Rod inkangomatirira. Chifukwa chofunitsitsa kuona pamene ndikulakwitsa, ndinkasuzumira kumbali kwa chigoba, chenjezo lija la pa mlatho nditaliiwala. Usiku umenewo, cha m'ma 1 koloko, ndinadzidzimuka maso akuotcha ngati wina wathiramo mchenga wa moto, misozi ikungotsika, osatha kutsegula. Ndinakuwa kuitana mayi anga, amene anali kutali ku Dedza. Amene anabwera ndi tochi anali mlonda wa shedi yoyandikana nayo, ndipo za munthu ameneyu, ndi zimene anandichitira usiku umenewo, ndidzakusimbirani Lachisanu likubwerali.