Tonde wa kwathu

Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene munthu akati mbuzi ndiye kuti mbuzi. Kumudzi ku Ntcheu sizili choncho, ndipo ndinadziwira pamaso pa alendo.

Linali tsiku la msika, amalume atapita ku Lizulu kukagulitsa mbatatesi. Kunabwera madoda awiri ndi mayi wina, nkhope zili gwa. Agogo anali kudimba, ndiye wamkulu pakhomo ndinali ine. Ndinawayalira mphasa pansi pa mango, moni tinapatsana mpaka wa nkhuku zomwe.

Kenaka wamkulu uja anakhosomola, maso ali pansi, akulemba m'dothi ndi kamtengo. "Zikomo bambo, tonde wa pakhomo pano walowa m'dimba lathu. Mpanda wathyola, ndipo wadya ndithu."

Mtima unakhala pansi. Tonde tinali naye, wonunkha, wandevu ngati mlaliki wa pamsika.

"Pepani akuluakulu," ndinatero. "Ameneyu watitopetsa. Mwezi uno wokha dimba lanu ndi lachitatu."

Mayi uja anagwira pakamwa. "Lachitatu?"

"Eya, kwa aphunzitsinso analowa, masana dzuwa likuswa mtengo. Usiku timamumanga, koma chingwe amadula." Poona kuti nkhope zaipiraipira, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa K5,000 kuti akagule mbewu ina adzalenso. Palibe anatambasula dzanja. Ndiye ndinati ndiwakhazike mtima pansi: "Musadandaule, amalume akangofika timufula. Zikakanika, pa Khirisimasi ndi ndiwo."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka chidebe kugwa. Mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono, anali atabisala pamenepo kumvetsera. Ndinangoona fumbi, patapata imodzi yatsala pabwalo.

Agogo anafika khasu lili paphewa, anamva mawu awiri okha, n'kundiyang'ana ngati ndaponda nsima. "Iwe, tapita ukatunge madzi." Munthu wa ndevu zanga, kutumidwa kumjigo alendo akuona! M'njira ndi momwe zinandifikira m'mutu: mpanda, dimba, mtsikana uja ankabwera kudzabwereka sefa tsiku lililonse.

Amalume zinawatengera milungu iwiri kutsimikizira akuchikazi kuti madimba ena awiriwo anali a kabichi weniweni. Pa chinkhoswe, ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, wina anandifunsa ngati nkhukuzo zanenepa bwino. Ndinati akafunse amalume.