Ulusi wandiphunzitsa njira ya ku New York

Anzanga, mapu otambasula pakhoma aja akhala akutinamiza. Dzulo usiku ndinatenga kampira ka mapu a dziko lonse ndi ulusi wosokera, cholinga ndione njira yachidule ya pandege kuchokera ku Singapore kukafika ku New York. Ndinapanikiza chala pa Singapore n'kukoka ulusi kuti ukungike bwinobwino. Abale inu, sunadutse pakati pa nyanja ya Pacific monga ndinkaganizira. Unakwera kumpoto, kudzera ku China ndi ku Russia, kulambalala pafupi ndi North Pole (nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa dziko), n'kutsikira ku Canada. Ndinayezanso kachiwiri, ndimati mwina chala chinaterereka. Ayi ndithu, dzikoli n'lozungulira basi.

Mtundawu ndi makilomita oposa 15,300, ndipo ndege za Singapore Airlines zimauluka mtunda wonsewo osatera paliponse, maola 18 kapena kuposerapo. Amagwiritsa ntchito ndege ya mtundu wa Airbus A350-900ULR yokhala ndi mipando 161 yokha, ndipo ya mtengo wotsikitsitsa ija mulibemo. Njira ya ulusi wangayo oyendetsa saitsata ndendende. Amayang'ana kumene mphepo yamphamvu yakumwamba ikulowera kuti iziwakankha kumbuyo, komanso pali mayiko ena omwe sadutsa pamwamba pawo.

Chimene chandimaliza ndi nthawi. Mizinda iwiriyi imasiyana maola 12 kapena 13, ndiye kuti ukatsika thupi likufuna tulo, kunja dzuwa lili phwee. Ine wa maola awiri okha pampando miyendo n'kuyamba dzanzi, ulendo umenewu ndingafike atandinyamula pamachira.