Shelefu ya makapu inasanduka panelo ya Cessna

Mayi a kunyumba mpaka lero sanandikhululukire nkhani ya shelefu yawo. Inali ya makapu. Pano ili patebulo langa, yaima chilili, ili ndi zibowo zisanu ndi chimodzi, kumbuyo kwake kuli sikirini yakale ya kompyuta. Ana akagona ndimakhala pamenepo n'kunyamuka pa Chileka ndi ndege yaing'ono ya Cessna 172.

Ndimaulukira pa X-Plane 11, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuulutsa ndege. Microsoft Flight Simulator ya 2020 ndi yokongola, sindikana, koma laputopu yanga singaikwanitse, komanso imameza bandulo mosaona nkhope. Chinkanditopetsa pa X-Plane n'chakuti zonse zinali pa sikirini imodzi. Ukafuna kuona liwiro, uweramitse kamera ndi mausi. Pomwe uzidzutsa mutu, msewu woterapo uli kumbali. Ndiye ndinagula Air Manager, pulogalamu ya Sim Innovations ya ku Netherlands, imene imatenga mawotchi a ndege n'kuwaika pa sikirini yachiwiri. Umawakoka n'kuwaika pomwe ukufuna, kukula kwake umasankhanso wekha.

Ufulu umenewo ndi umene unandipweteka. Ndinawandandalika onse asanu ndi mmodzi mumzere umodzi ngati mapoto pa thandala, n'kupita ndi plywood kwa kalipentala wa pafupi ndi kwathu kuti aboole. Anaboola bwinobwino, chibowo chilichonse mamilimita 80, pafupifupi kukula kwa mawotchi a ndege zenizeni. Anandifunsa ngati ndi khola la nkhunda.

Usiku woyamba ndinazindikira kuti ndalakwitsa. Maso ankayenda ulendo wautali kuchoka pa liwiro kukafika pa altimeter, wotchi yoonetsa mmene ndege yakwerera m'mwamba, ndipo pobwerera ndinkapeza phiko limodzi lagwa kale. Amene anakonza Cessna sanaike mawotchi aja mwachisawawa. Amakhala mizere iwiri, atatu pamwamba, atatu pansi. Pakati pamwamba pali attitude indicator, yoonetsa ngati mphuno yakwera kapena yatsika ndiponso mmene mapiko apendekera. Kumanzere kwake kuli ya liwiro, kumanja altimeter, pansi pake heading indicator yoloza komwe ukupita. Zinayizi zimapanga chilembo T. Diso limakhala pakati, likadumphira kumbali pang'ono, n'kubwerera pakati pomwepo. Ziwiri zotsalazo, turn coordinator yoonetsa mmene ndege ikukhotera, ndi ina yoonetsa kukwera kapena kutsika pa mphindi, zimakhala m'makona a pansi chifukwa sumaziyang'ana pafupipafupi. Plywood inali itatha, ndalama yogulira ina panalibe. Apa ndi pomwe maso anga anagwera pa shelefu ija.

Chimene ndimanyadira kwambiri pa panelo yonseyi ndi kakonono kamodzi ka pansi pa altimeter. Wotchi imeneyi siyeza kutalika kwenikweni, imayeza mphamvu ya mpweya, ndiye uyenera kuiuza mmene mpweya ulili tsikulo. Cessna ya mu X-Plane imabwera ndi manambala a ku America, 29.92 aja, pomwe kuno timawerenga ma hectopascal, 1013. Ndinachotsa ya ku Americayo n'kuika ya ma hectopascal. Kenako ndinalumikiza kakonono kopotokola kotchedwa rotary encoder ku Arduino Mega, kabolodi kotumiza zimene wapotokola ku kompyuta, kuti ndizipotokola ndi zala, osati kudina ndi mausi. Tsiku loyamba ndikapotokolera kumanja nambala inkatsika. Ndinataya madzulo onse ndikufufuza mu pulogalamu, chonsecho kunali kungosinthanitsa mawaya awiri.

Tsopano ndisanalize injini ndimaika nambala ya mpweya, ndipo singano iyenera kuima pafupi ndi mafiti 2,550, mmene bwalo la Chileka lakwerera pamwamba pa mlingo wa nyanja. Hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 30. Ukalakwitsa ndi 10, wanamizidwa ndi mafiti 300. Pamwamba pa chigwa cha Shire zimenezo sizikuopsa, koma kayese kuzungulira Mulanje kuli mitambo, Sapitwa ataima mamita 3,002 penapake kutsogolo kwako. Ndinagundapo phiri kamodzi, mwana wanga wamkulu akuonerera. Anaseka mpaka misozi.

Anzanga ena pa intaneti amandiuza kuti ndisiye zakalezi, ndiike Garmin G1000, masikirini awiri oonetsa zonse ndi mapu omwe. Ndinayesapo. Ndinapezeka ndikungotsatira mzere wofiirira ngati woyendetsa takisi wa pa foni, osadziwa n'komwe ngati Zomba ili kumanzere kapena kumanja. Ndinabwerera ku masingano anga.

Encoder yachiwiri yafika sabata yatha. Ndi ya heading indicator, imene imasochera pang'onopang'ono ndipo umayenera kuifananitsa ndi kampasi mphindi 15 zilizonse. Malo oiikapo ndalemba kale ndi pensulo. Chovuta n'chakuti kalipentala uja akuti saboolanso kanthu kanga pokhapokha nditabwera ndi chilolezo chochokera kwa mayi a kunyumba.