Choko pamsana

Lachitatu, Ulónguè, Mozambique. Tulo takanika, mawu a aphunzitsi anzanga aja akungozungulira m'mutu.

Mnyamata wina wa kalasi 9 analowa lero atalembedwa "mathanyula" ndi choko pamsana pa malaya, mwini wake osadziwa. Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Ndi mwana wolankhula mofatsa, pa nthawi yopuma amacheza ndi atsikana, mlandu wake ndi womwewo basi. Zoti amakonda anyamata kapena ayi sindinamufunse, si zanga. Ndikumusasa chokocho panja, anandinong'oneza kuti kuchimbudzi cha anyamata anasiya kupitako kalekale. Amamutsekera m'kati n'kumuvula buluku, ati aone ngati alidi mwamuna. Ndiye kusukulu samwa madzi, kuopa kuti mkodzo ungamugwire asanaweruke.

Ndinakawafotokozera aphunzitsi ena achikulire, munthu amene ndimamupatsa ulemu. Anandiyankha uku akusenda mbatata yootcha.

"Amayi, musadzivute. Aziyenda ngati mwamuna, anzakewo amusiya. Komanso zimenezo n'zoletsedwa, zaka 14 kundende."

"Kuti, abambo?"

Zaka 14 ndi za ku Malawi, kuseri kwa malire a ku Calómuè uko. Kuno timamvera kwambiri mawailesi a kumeneko, mpaka malamulo awo timawayesa athu. Ndinawauza kuti ku Mozambique lamulo la Apwitikizi la 1886 loletsa zimenezi linafafanizidwa mu 2015, ndipo a Joaquim Chissano amene, mtsogoleri wakale wa dziko lino, mu 2014 analembera kalata atsogoleri a mu Africa yoti anthu oterewa asamazunzidwe. Iwo anangopukusa mutu. "Za ku Maputo zimenezo."

Zinandipweteka chifukwa penapake sananame. Ngakhale ku Maputo komweko, bungwe la Lambda, lomenyera ufulu wa anthu oterewa, linapempha kulembetsedwa mu 2008, boma n'kumangolizengereza zaka ndi zaka. Koma tinafika bwanji pa za ndende? Ine ndimanena za mwana wosamwa madzi. Tsiku lonse ndakhala wolusa, mpaka ndinakalipira wogulitsa tomato wosalakwa.

Kuitana makolo ndikuopa. Bambo ake akamva liwu lija, chikwapu chikagwera mwanayo, osati olembawo. Ndangomulembera 116, nambala ya Linha Fala Criança yothandiza ana ozunzidwa, kumapeto kwa kope lake, koma foni ndi ya mayi ake. Mawa m'mawa ali ndi masewero olimbitsa thupi, ndipo anyamata amasinthira zovala pamodzi kuseri kwa kalasi.